Nthunzi Kuseri kwa Mpanda

Wakuba uja ankaba zinyalala, ndowa n'kuisiya yotsukatsuka.

Mzime, amene kuchipatala ankamutchula kuti a Nesi koma kunyumba anali adakali mwana wotsiriza, ankaika ndowayo madzulo aliwonse kunja kwa kachitseko kakuseri, m'kanjira kopapatiza kodutsa pakati pa mipanda ya nyumba. Munkakhala makoko a mbatata ndi a nthochi, masamba a tiyi, zikamba za mazira, anyezi wowola. Galimoto yonyamula zinyalala inkabwera kamodzi pa sabata, ikakumbukira. Koma m'mawa uliwonse Mzime akatsegula kachitsekoko ankapeza ndowa ilibe kanthu, yavundikiridwa pa njerwa ziwiri kuti iume, madontho a madzi adakali m'mphepete. Sabata yoyamba anaseka. Yachiwiri anayamba kusuzumira uku ndi uku asanatuluke. Patatha miyezi iwiri anali atamupangira wakubayo nkhope zingapo m'mutu mwake: ina ya wamisala, ina ya munthu woweta nkhumba mobisa, ndi ina imene sakanaiulula ngakhale kwa mnzake wapamtima, ya munthu wamaso ofatsa amene ankangofuna chifukwa choimira pakhomo pake.

Analibe womuuza. Achimwene ake, oyendetsa takisi, ankakhala mbali ina ya tauni ndi banja lawo. M'nyumbamo anali awiri okha, iye ndi Bambo, ndipo Bambo chigwereni ndi sitiroko miyezi isanu yapitayo sanayankhulenso. Mbali yonse yakumanja inafa. Dzanja linkangokhala pamwendo ngati chinthu chimene mlendo waiwala, zala zili tambalale, lozizira ngakhale masana. Mzime ankalipinda ndi kuliwongola m'mawa ndi madzulo, akuwerenga mpaka khumi monga ankachitira ndi odwala ake ku wodi, koma dzanjalo silinkamuyankha.

Kukangocha Bambo ankaloza ndi chibwano kuti awakankhire chikuku chawo pawindo lakukhitchini. Pamenepo ankakhala maso ali dwii kuyang'ana kudimba. Chimenechi ndicho chinkamudya Mzime mumtima, chifukwa dimbalo analipha ndi iyeyo.

Linali la mabedi asanu ndi limodzi, ndipo Bambo analisamala zaka makumi awiri, akaweruka ku ofesi ankangovula nsapato n'kulowa m'menemo tayi ili m'khosi. Munali tomato, karoti, kabichi, tsabola ndi anyezi, moti anthu odutsa m'kanjira ankakwera pamwala kuti aone. Bambo ali m'chipatala masamba anayamba chikasu. Mzime anaganiza monga namwino: wodwala kwambiri amafuna mankhwala amphamvu. Anakagula matumba atatu a zitosi za nkhuku zongochotsa kumene m'khola, n'kuziunjika patsinde pa chomera chilichonse, n'kuthirira, mtima uli m'malo. Pa tsiku lachinayi masamba onse anali atawauka ngati wapititsapo ayironi. Ntchentche zinachita msonkhano. Anapala zitosi zija ndi fosholo n'kukazitaya m'kanjira misozi ili m'masaya, koma Bambo potuluka m'chipatala anapeza mabedi ali mbuu, dothi louma gwa, long'alukang'aluka ngati chidendene cha munthu woyenda wopanda nsapato.

Lamlungu lina Achimwene anabwera, n'kutsamira chitseko chakukhitchini, makiyi a takisi akuwazunguza pachala.

"Mzime, tandimvera. Loweruka likubwerali ndibwera ndi mmisiri. Kuseri konseku tithira simenti."

"Simenti? Padimba la Bambo?"

"Dimba liti? Iwe ukuona dimba pamenepa? Ine ndikuona manda. Munthu wamkulu tsiku ndi tsiku azingoyang'ana manda a ntchito yake, iwe n'kumadabwa kuti akuwonda? Tikathira simenti pakhala poyera, fumbi litha, galimoto ndiziimika mkati. Aiwale, mtima ukhale pansi."

"Ndipatseniko mwezi umodzi, Achimwene."

"Ndakupatsa itatu. Wabzalamo kangati?"

"Kawiri."

"Chakula n'chiyani?"

Mzime anayang'ana zala zakumapazi.

"Dokotala wa zomera ameneyo," Achimwene anatero, koma mawu awo sanali aukali, anali otopa. "Ngati kuchipatala kwanuko mumapereka mankhwala chonchi, ine bola ndizidwalira m'takisi. Usandiyang'ane choncho iwe. Mutu waukulu sulewa nkhonya, wina ayenera kugamula."

Bambo pawindo paja anamenya chogwirira cha chikuku ndi dzanja lamanzere, pakhosi pawo pakutuluka mawu osamveka.

"Wamva? Akuvomera," Achimwene anatero.

Mzime sanadziwe ngati kunali kuvomera kapena kukana. Chimene anadziwa n'chakuti Loweruka likadutsa, malo okhawo padziko lapansi amene anali adakali a Bambo akhala pansi pa simenti, ndipo chifukwa chake adzakhala iyeyo.

Lachinayi linali tsiku lake lopuma. Anadzuka kutangoyera, kunja kukuzizira kolasa m'mafupa, ndipo m'malo moyamba ndi Bambo anavala juzi n'kukaima kuseri kwa kachitseko kaja, diso lili pamng'alu wa thabwa. Dimba linali litamukanika. Wakuba yekha ndiye anati asamukanike. Anadikira mpaka mapazi anachita dzanzi. Kenako kunamveka mgugu wa nsapato, pang'onopang'ono, wa munthu wosafuna kudzutsa agalu.

Choyamba anaona dzanja, lazala zazitali, zikhadabo zowengedwa bwino. Kenako chipeso chili m'thumba lapachifuwa. Mtima wake unagunda kamodzi mwamphamvu n'kukhala ngati waima. Anali wometa uja, amene anthu onse ankamutchula kuti Lumo, yemwe ankabwera Loweruka lililonse ndi kachikwama kake kudzameta Bambo ndevu. Munthu wamtali, wachete, amene chiyambire sanamuyang'anepo Mzime kumaso; moni ankapereka kwa chitseko, potsanzika n'kutsanzika ketulo.

Lumo ananyamula ndowa ija, n'kudumpha kanjira, n'kulowa pa chitseko chalata chimene chinali moyang'anizana ndi mpanda wawo. Mzime anali asanaganizepo kuti kuseri kwa babashopu ya Lumo kumathera pomwepo. Anawerenga mpaka khumi, n'kumutsatira, n'kukankha lata lija ndi chala chimodzi.

Kanali kabwalo kakang'ono, kokwana mwina mabedi atatu a m'chipatala. Mbali ina kunali chingwe choyanikapo matawulo, pansi pake wilibala ndi kheni yothirira. Kukhoma kunali milu iwiri yofika m'chiuno, wina wofunditsidwa ziguduli, wina wovundukulidwa. Lumo anali atabaya foloko m'mulu wovundukulawo n'kuutembenuza, ndipo m'mene anatero mulu unapuma. Nthunzi yoyera inatuluka tolotolo, n'kukwera mwaulemu ngati ikudziwa kumene ikupita, ndipo dzuwa limene linali litangosuzumira pamwamba pa malata linailowa n'kuisandutsa golide. Inamuzinga wometayo mpaka m'mapewa. Mzime anayembekeza fungo la kudzala, anali atakonzeka kale kutseka mphuno, koma chimene chinamufika chinali fungo la mvula yoyamba ikagwa pafumbi, mwezi umene kunalibe ndi kamtambo komwe. Anangoima kukamwa kuli yasa.

"Ndiye wakuba uja ndinu?" anatero pomaliza, motsitsa mawu ngati ali m'tchalitchi.

Foloko inamupulumuka Lumo. "A Nesi! Mufuna mundiphe ndi mtima?" Anayang'ana ndowa, n'kuyang'ana chingwe cha matawulo. "Sindinabe ine. Ndinabwereka. Ndowa ndimabweza."

"Nanga zamkatimo?"

"Zimenezonso ndibweza. Zikungosintha zovala."

Mzime anasendera pafupi. "Mwayatsa moto pansipa?"

"Moto mulibe. Tagwirani apa."

Pakati pa mulu panali pozikidwa ndodo. Lumo anaizula n'kumupatsa mbali imene inali mkati. Mzime anaigwira n'kuisiya msangamsanga: inali yonyowa, yotentha ngati supuni yoiwalika mumphika. Sanakhulupirire. M'thumba la juzi munali themomita imene ankawayezera Bambo m'mawa uliwonse. Anaitulutsa n'kuilowetsa m'dzenje la ndodo muja. Manambala anathamanga, anapitirira pa malungo wamba, anapitirira pamene adokotala amaitanidwa mothamanga, kenako kachipangizoko kanalira katatu n'kukana kuwerenga.

"Akanakhala munthu tikanaitanitsa abale," Mzime anatero.

Lumo anaseka, koyamba chimudziwireni, ndipo kuseka kwake kunali kwa munthu wina, wachinyamata. "Uyu akatentha ndiye kuti ali moyo, a Nesi. Timada nkhawa akazizira nthawi isanakwane. Muli tizilombo tosaoneka, tikudya. Kutenthaku ndi thukuta lake."

Anamuonetsa mmene anaundira, mzere pamwamba pa mzere: pansi timitengo kuti mpweya uzilowa, kenako masamba ouma osesa mumsewu, makoko a m'ndowa ija, utuchi wochokera kwa kalipentala wapafupi, kaphulusa pang'ono, dothi lodzaza m'manja. Ngakhale tsitsi losesa mu babashopu linali momwemo.

"Theka la amuna a m'dera lino ali m'mulu umenewu ndipo sakudziwa," anatero. "Zitosi zanu zija nazonso zilimo. Pepani, ndikutanthauza za nkhuku zija munataya m'kanjira."

Nkhope ya Mzime inatentha kuposa ndodo ija. "Zimene zinapha dimba."

"Sizinali zoipa. Munangozipereka zosawola. Zikakhala choncho zimaotcha mizu. Zimafuna zikhale kaye pamodzi ndi zouma, zitenthe, uzitembenuze, zitenthenso, mpaka ukali wonse utha. Pamenepo ndiye zimakhala manyowa."

"Munaphunzira kuti zonsezi?"

"Kwa Madala, bambo anu. Zaka zisanu ndi chimodzi ndikuwameta, nkhani ya mpira sanayambe aiyankhulapo. Manyowa basi." Lumo anatola foloko n'kumaipukuta ndi chala. "Loweruka loyamba atatuluka m'chipatala ndinawameta pawindo paja. Nditaona mabedi aja ndinawafunsa kuti, Madala, ndiunde mulu? Anandigwira pamkono apa mpaka panatsala zala. Chiyambire pamenepo ndimawabweretsera pang'ono m'kachitini ka sopo. Amanunkhiza, amafinya, kenako amandilamula ndi maso: tembenuza, onjezera madzi, dikira."

"N'chifukwa chake mumandituma madzi otentha katatu konse?"

"Ndevu zawo n'zolimba."

"A Lumo."

"Chabwino. Anaika chala pakamwa, kutanthauza kuti inu musadziwe. Ankaopa kuti muziona ngati akukudzudzulani."

"Mukudziwa bwanji zimenezo, munthu sayankhula?"

"Munthu ukamumeta nthawi yaitali chonchi umamva ngakhale zimene khosi lake likunena." Kenako kwa nthawi yoyamba anamuyang'ana m'maso. Maso ake analidi ofatsa. "Pawindo paja sayang'ana mabedi, a Nesi. Amayang'ana pamwamba pa mpanda. Nthunzi ikakwera amadziwa kuti ndatembenuza."

Mzime anatembenuka. Kupyola lata, kupyola kanjira ndi mpanda wawo wanjerwa, nsonga ya windo lakukhitchini inkaoneka, ikunyezimira. Miyezi iwiri yonse iye ankaona kautsi kameneko n'kumati aneba akuotcha mapepala. Miyezi iwiri ankawerenga mlandu pankhope ya bambo ake, pamene iwo anali pa ntchito.

"Mayo ine! Lero sindinawaike pawindo!" Anafika pachitseko, n'kubwereranso. "A Lumo, Loweruka Achimwene akuthira simenti dimba lonse. Mulu wofunditsawo wapsa, eti? Tiyeni tiututire lero lomwe. Ndikagula mbande kumsika, tibzale, akamabwera apeze zobiriwira."

Lumo anapukusa mutu. "Loweruka lathali Madala anaukana."

"Patsala masiku awiri!"

"Mukufuna tiwaule dimba kachiwiri? Sindithira asanavomere eni ake. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

"Nkhonoyo ilibe achimwene oyendetsa takisi," Mzime anatero, n'kuthamanga.

Anawapeza Bambo ali maso pabedi, akumenya matiresi. Anawanyamulira pachikuku, n'kuwakankhira pawindo, ndipo ulendo uno anagwada pambali pawo kuti maso ake alingane ndi awo. Pamwamba pa mpanda nthunzi inali ikukwerabe, yopyapyala tsopano. Mbali yamoyo ya nkhope ya Bambo inali ikumwetulira pang'ono, kumwetulira kwa kapitawo amene wapeza antchito ali pa ntchito. Anayang'ana nsapato za Mzime, zimene zinali ndi utuchi, n'kumuyang'ana iye.

Masana anaimbira foni Achimwene n'kuwafotokozera zonse, mawu akuthamangitsana.

"Zinyalala?" iwo anatero, kumbuyo kukumveka mahutala. "Ukufuna undiletse ndi zinyalala za wometa? Simenti ndagula kale, ili m'buti. Ndili ndi kasitomala, tionana Loweruka."

Loweruka Lumo analawirira. Anawameta Bambo mosathamanga, ngati kunja kulibe chimene chikubwera, pamene Mzime ankangoyendayenda pakati pa khitchini ndi windo lakumsewu. Atapukuta thovu lomaliza anatulutsa kachitini kaja, ulendo uno mosabisa. Bambo anakayang'ana, n'kukakankha ndi kuseri kwa dzanja. Analoza chitseko ndi chibwano.

"Akuti chiyani?" Mzime anafunsa.

"Akuti za m'kachitini atopa nazo. Akufuna akaone okha."

Chitulukireni m'chipatala Bambo anali asanapitirire khonde. Pakhomo lakukhitchini panali sitepe, anawatsitsa chammbuyo. Pakati pa mabedi mateyala anatitimira m'fumbi, ndipo anachita kuwanyamula ndi chikuku chomwe, Lumo kutsogolo, Mzime kumbuyo. Pa kachitseko kaja chikuku chinakanirira, anachita kuchipendeketsa, dzanja la Lumo lili pamwamba pa la Mzime pa chogwirira, ndipo ngakhale chitadutsa palibe anafulumira kuchotsa lake. Akulowa pa chitseko chalata anamva hutala wa takisi kumaso kwa nyumba.

Lumo anachotsa ziguduli pa mulu wakale. Unali utaphwa, wafika m'mawondo, wakuda bii ngati khofi wosathira mkaka. Mzime anafunafuna ndi maso khoko la nthochi, chikamba cha dzira, tsitsi la munthu, chilichonse chimene akanachizindikira. Panalibe. Zonse zimene anataya miyezi iwiri zinali pamenepo, ndipo panalibe ngakhale chimodzi. Nyongolotsi zofiirira zinathawa kuwala n'kulowa pansi.

"Mwapenga kodi?"

Achimwene anali pachitseko, atatsatira mikwingwirima ya mateyala, kumbuyo kwawo kuli mmisiri wamfupi wa tepi m'chiuno ndi pensulo kukhutu.

"Mzime! Munthu wodwala kumubweretsa kudzala? Ndiwe namwino iwe kapena chiyani? Ndipo inu akulu, tinakuitanani kudzameta ndevu kapena kudzaba makolo a eni?"

"Bwana, komatu sipakununkha," mmisiri anatero akununkhiza m'mwamba.

"Inu ndakufunsani?"

Bambo sanatembenuke n'komwe. Anamenya chogwirira kuti awasendeze pafupi, ndipo Lumo anawasendeza mpaka mawondo awo anakhudza mulu. Anatapa ndi dzanja lamanzere, n'kufinya, n'kutambasula. Ananunkhiza. Anatapanso pena, n'kufinyanso, nkhope itachita makwinya. Kenako anawataya manyowa aja mokwiya.

Mtima wa Mzime unagwa. "Aukananso?"

"Iyayi," Lumo ananong'ona. "Dzanja limenelo silidziwa. Moyo wawo wonse ankayesa ndi lamanja."

Bambo analoza pakati pa mulu. Lumo anafukula ndi manja kadzenje kofika m'chigongono. Mzime anayamba walowetsamo dzanja lake, poti khungu lakufa limapsa mwini wake osamva. Munali mofunda pang'ono chabe, ngati pamimba pa mwana wogona. Anachoka.

Pamenepo Bambo anagwira mkono wawo wamanja ndi dzanja lamanzere, monga munthu anyamulira mwana wa mnzake, n'kuukweza pamwendo paja, n'kuwerama, n'kuulowetsa m'dzenjemo. Anakokera manyowa pamwamba pake mpaka pa mfundo ya dzanja. Anatsinzina.

"Bambo, tiyeni tizipita kunyumba," Achimwene anatero.

Kumaso kwa babashopu wina ankagogoda pachitseko, n'kuleka. Mulu watsopano pambali paja unkatulutsa kanthunzi kake mwakachetechete. Mzime sankayang'ana nkhope ya Bambo. Maso ake anali pamene namwino amayang'ana, pamkono, pamwamba pang'ono pa manyowa, pamene khungu linali lopyapyala ngati pepala. Anaona dothi likusuntha pang'ono, n'kuganiza kuti ndi nyongolotsi. Kenako pansi pa khungu paja mtsempha unadzuka. Unaima ngati chingwe chokokedwa, n'kugona, n'kudzukanso.



Bambo anakoka mkono uja ndi dzanja lamanzere, pang'onopang'ono. Dzanja lamanja linatuluka lakuda, ndipo silinali tambalale. Zala zitatu zinali zitapindika, chala chachikulu chitatsamira pambali, ndipo mkati mwake munali manyowa. Linkanjenjemera lonse ngati mwana wa mbuzi wongobadwa kumene, koma silinataye.

Mzime ankadziwa mayina onse a zimenezi. Ankadziwa kuti ubongo umatha kupeza njira zatsopano, kuti kufunda kumamasula minofu, kuti miyezi isanu ya kupinda ndi kuwongola sinapite pachabe. Anayesa kuzinena mumtima zimenezi kuti zimugwire, koma zonse zinali zazing'ono poyerekeza ndi zala zitatu zija. Anazindikira kuti wagwada, ndipo sanadziwe kuti wagwada nthawi yanji.

Ndi dzanja lamanzere Bambo anatambasula zala zija chimodzichimodzi. Pachikhatho panatsala kampira kakuda, kosadontha madzi, kosamwazika, kokhala ndi mizere ya zala zawo. Anakakhudza, ndipo kanagumuka mofewa. Anakakweza pamphuno, manja onse awiri, n'kukoka mpweya nthawi yaitali. Kenako anatsegula maso, n'kuyang'ana Lumo, n'kugwedeza mutu kamodzi.

"Apsa," Lumo anatero. "Akuti apsa."

Mmisiri anali atavula chipewa. Achimwene anaima pomwe anaima paja, makiyi ali pansi pafupi ndi phazi lawo. Anayenda masitepe awiri, n'kunjuta patsogolo pa chikuku, n'kuika chala chawo m'chikhatho chakuda chija monga amachitira munthu ndi khanda.

"Bambo. Tafinyaninso. Ndine."

Panapita nthawi. Zala zija zinasuntha pang'ono, pang'ono kwambiri, koma Achimwene anazimva, chifukwa anaweramitsa mutu pa bondo la bambo awo ndipo mapewa awo anayamba kugwedezeka. Mzime anali asanawaonepo akulira, ngakhale tsiku lija ku wodi.

Mmisiri anadikira mwaulemu, n'kutsokomola. "Pepanitu bwana. Nanga simenti ija?"

Achimwene anadzuka, n'kupukuta kumaso ndi mkono wa malaya. "Kuno kuli fumbi," anatero, ngakhale kunalibe. Anayang'ana chikuku, mateyala ake odzaza dothi, n'kuyang'ana chitseko chalata. "Munawadutsitsa bwanji pamene paja?"

"Tinachita kuwanyamula," Mzime anatero.

Achimwene anatembenukira kwa mmisiri. "Akulu, tulutsani tepiyo. Yezani chikukuchi m'lifupi, muonjezere pang'ono. Mupange kanjira kuchokera pakhomo lakukhitchini, kadutse pakati pa mabedi mpaka pakachitseko. Sitepe ija muigumule, pakhale potsetsereka. Kwinako musakhudze."

"Ntchito yonse ija yasanduka kanjira?"

"Mukufuna muyambane ndi mwini dimba? Ndi uyo apo, kambani naye."

Mmisiri anawayang'ana Bambo, Bambo n'kumuyang'ananso. Anavala chipewa chake n'kutambasula tepi.

Dzuwa lisanafike pamutu, Achimwene anali atavula malaya, atsala ndi vesiti, akukankha wilibala kudutsa m'kanjira. Bambo anawakhazika pamthunzi pakona pa dimba, dzanja lamanja lili pamwendo, lakuda mpaka m'zikhadabo. Mzime atabwera ndi beseni anamukaniza. Lumo anatipula bedi loyamba ndi foloko mpaka chigamba chouma chija chinasweka, ndipo wilibala yoyamba itakhuthulidwa, chakuda chija chinagwera pa dothi lotuwa ngati mthunzi wa mtambo. Mzime anagwada n'kuyamba kusakaniza ndi manja. Munali mofewa, mozizirira, ndipo tizamoyo tating'onoting'ono tinkayenda pakati pa zala zake kulowa m'nyumba yawo yatsopano.

"Osabzala lero," Lumo anamuuza, akugwira ntchito pambali pake. "Tithirire kaye, dothi lizolowerane ndi mlendo. Sabata yamawa."

"Ndamva, aphunzitsi."

Lumo anabaya foloko pansi, n'kumayang'ana mano ake ngati pali cholembedwa. "A Nesi. Lolemba ndikutembenuza mulu winawo. Pamafunika anthu awiri."

"Miyezi iwiri yonseyi munkatembenuza ndi ndani?"

"Ndekha. N'chifukwa chake ndikudziwa kuti pamafunika awiri."

Mzime anaweramitsa nkhope kuti Achimwene asaione, chifukwa anali akulowa ndi wilibala yachiwiri, thukuta lili kamukamu.

"Ndithire apa, Bambo?"

Bambo anamenya chogwirira n'kupukusa mutu.

"Apa?"

Anapukusanso, n'kuloza ndi chibwano bedi lakumapeto kwenikweni, kumene kunali kovuta kufikako.

"Makasitomala onse amene ndanyamulapo, wovuta ngati uyu sindinamuone," Achimwene anadandaula. Analavulira m'manja, n'kubweza wilibala m'mbuyo, n'kuyamba kuzungulira.